Therere la M'tayala

Chaka choyamba pa ntchito, ku Kaphuka

Ana anga, za ubwana wanga mudzafunse azakhali anu. Iwo amazikumbukira bwino kuposa ine, mpaka zina zimene sizinachitike. Ine ndiyambira pa tsiku limene lole yokatenga mbatata inanditsitsa ku Kaphuka, m'manja muli sutikesi, mphasa ndi kalata yonena kuti ndine mlangizi wa ziweto. Unali mwezi wa chisanu, ndipo mphepo ya kumeneko inandilandira ngati ndinaidyera kanthu. Ofesi inali kachipinda kamodzi kopanda zenera. Munali tebulo la miyendo itatu, mwendo wachinayi unali njerwa, ndi njinga yakapalasa imene mnzanga wochokayo anaisiya yopanda mabuleki. Komabe ndinasangalala, pakuti kanali koyamba kukhala ndi kiyi wangawanga m'thumba. Zaka zoyambazo ndinkangothamangitsana ndi nkhuku kuti ndizitemere chitopa, kusambitsa ng'ombe kudibi, ndi kufula mbuzi za anthu amene pambuyo pake ankandipatsa kabichi.

Patapita zaka zingapo ananditumiza kukaphunzira ntchito imene inandipatsa dzina, yopatsa ng'ombe bere popanda nkhunzi. Mbewu ya nkhunzi za mtundu wa mkaka inkabwera m'timachubu tating'ono ngati ta mkati mwa bolopeni, tosungidwa m'chigubu chachitsulo chozizira koopsa. Vuto la ntchitoyi ndi nthawi. Ng'ombe ikafuna nkhunzi imalira, imakwera zinzake, imasiya kudya, koma zimenezi sizitha tsiku lathunthu. Ukachedwa, basi, udikire masabata ena atatu. Anthu a m'midzi ataona mwamuna wa tayi akufika ndi chigubu m'malo mwa nkhunzi ya nyanga, anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo kuyambira pamenepo ndinasanduka a Nkhunzi. Mayi anu poyamba dzinali linkawayabwa. Koma chisanathe chaka ndinawamva ndekha akuyankha mlendo pakhomo kuti, “A Nkhunzi atuluka, mubwere mawa.”

Chaka cha khumi ndi chisanu ndi chitatu, ku Chongoni

Atandisamutsira ku Chongoni, dera langa linakula mpaka kukafika midzi ya ku Mphunzi, ndiye ofesi inandipatsa njinga yamoto. Tsiku limene ndinafika nayo kunyumba, mayi anu anaipukuta ndi chitenje chawo cha kutchalitchi. Amene anandipatsa kiyi anali Bwana Gwaza, mkulu wathu wa ku boma, munthu wamfupi, wa nsapato zowala ndi buluku la khaki lositidwa mpaka mzere wake kuoneka ngati ungacheke chala. Sanali munthu woipa. Sakanaba ngakhale singano ya ofesi, ndipo ankafuna kuti tonse tikhale ngati iwo, zomwe zinali zotopetsa kwambiri. Anandiimika pakhonde n'kundiuza kuti, “A Fabiano, njinga iyi si yanu, si yanganso. M'thanki muzithira petulo, mu injini oyilo, m'tayala mpweya. Ndikadzapeza china chilichonse, mudzabwerera pa kapalasa.” Lamuloli linali ndi chifukwa chake. Mnzathu wina, atatopa ndi kumata, anathira phala la chinangwa m'chubu poganiza kuti lizitseka zibowo. Phalalo linasasa, njinga inkanunkha ngati mtsuko wa masese, ndipo limu yonse, chitsulo chimene tayala limakhalapo, inachita dzimbiri.

Koma misewu ya kumapiri sinamve lamulo la Bwana Gwaza. Munali minga, zitsa za chimanga zosongoka, ndi misomali yogwa pa ngolo za ng'ombe. Machubu atsopano tinkawapempha pa fomu, fomuyo inkapita ku boma, kobwerako n'kukhala fomu ina. Chubu changa cha kumbuyo chinafika pokhala zigamba zokhazokha, chigamba pamwamba pa chinzake, moti womata wa pamsika ankati akachiona amavula chipewa. Ndipo tayala la kumbuyo la njinga yamoto silili ngati la kapalasa. Umasule tcheni, umasule buleki, ukanganule tayala ndi zitsulo, usake chibowo m'madzi a m'dambo, umate, udikire guluu, upope mpaka msana kuwawa. Ukamaliza ola lapita ndi theka lake, ng'ombe ya munthu ikukudikira kutsidya kwa phiri.

Chilimwe cha chaka chomwecho, ku Mphunzi

Ku Mphunzi kunali gulu la alimi a mkaka limene linkayendetsa ng'ombe mwa njira yopatsirana. Banja linkalandira ng'ombe yaikazi, ikabereka mwana wamkazi, mwanayo ankapita ku banja lina limene lili pa mzere. Ndipo anagwirizana okha kuti ng'ombe ikakhalitsa pa khomo lina osatenga bere, aichotse akaipereke kwa wina, chifukwa ndiye kuti mwiniyo sakuiyang'anira. Mmodzi mwa olandira anali a Nangozo, mayi wamasiye wa ana anayi, woimba kwaya, wolankhula mosapsatira. Amuna awo anamanga khola lokongola la denga la malata, n'kumwalira ng'ombe isanafike. Ng'ombeyo inali yakuda ya banga loyera pamphumi, ndipo anaitcha Nyenyezi.

A Nangozo ankaiyang'anira Nyenyezi kuposa mmene ena amayang'anira ana awo. Itangoyamba kulira, anathamangira kwa wapampando wa gululo, amene anali ndi foni, n'kundiimbira. Ndinanyamuka, koma munga unandigwira pakati pa njira, ndipo nditamata n'kuyenda pang'ono chigamba chakale chinamatuka, guluu n'kundithera. Ndinakankha njinga kubwerera kunyumba. Pofika mawa lake Nyenyezi inali ikudya msipu mwamtendere, yaiwala kale zoti inkafuna mwamuna. Patatha masabata atatu anaimbanso. Ulendo uno unali msomali, ndipo ndinafika nthawi itadutsa. Ndinaika mbewu ndithu poyesa mwayi, koma sinagwire.

Gulu linakhala pansi pa mtengo wa mkuyu. Ndinaimirira n'kunena poyera kuti wolakwa ndine ndi tayala langa, osati mayiwa. Wapampando anandimvetsera mwaulemu, kenako anati, “Tamva, a Nkhunzi, koma banja lotsatira linamanga kale khola, nsenjere anabzala, zikungokula. Tipereka mwayi umodzi. Ikaphonyanso, Nyenyezi isamuka.” Anthu atabalalika, a Nangozo anandiperekeza pa njinga. Ndinkayembekezera kuti andilalatira, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. M'malo mwake analankhula motsitsa mawu. “Ine sindikukwiyirani, alangizi. Koma kholali anamanga ndi malemu. Likadzakhala lopanda kanthu, ndiye kuti ndawaika m'manda kachiwiri.” Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chiyambire ntchito, ndipo njira yonse yobwerera ndinkangotukwana tayala.

Sabata lotsatira, ku Dedza boma

Ndinapita kwa Che Amidu, amene anali ndi sitolo ya zipangizo za njinga pafupi ndi msewu waukulu. Anali bambo wa ndevu zoyera ndi kachipewa koluka, wokonda kuseka, ndipo sitolo yawo inkatsekedwa Lachisanu masana ngakhale kasitomala atagwada. Ndinapempha guluu ndi zigamba. Iwo anandiyang'ana n'kupukusa mutu. “Achimwene, mwezi uno mwabwera kanayi. Kodi mumakwera njinga kapena mumasoka?” Nditawafotokozera za Nyenyezi, anatsitsa botolo pa shelefu. Mkati munali zamadzimadzi zobiriwira, zonanda, zokoka ulusi akapendeketsa botolo. Ndinati, “Che Amidu, mwayamba kugulitsa therere?” Anaseka mpaka kutsokomola. “Ndi therere ndithu, koma la m'tayala. A kabaza onse awa mukuwaona ali nalo. Mumachotsa kamtima ka valavu, mpweya uthe, mufinyiremo, mubwezere kamtima, mupope, kenako muzungulitse tayala. Munga ukaboola, mpweya umakankhira therereli pa chibowo, timaulusi take timaunjikana pamenepo, basi kwatsekeka muli paulendo.”

Ndinafunsa ngati limatseka chilichonse. Apa anasiya kuseka. “Ayi, ndisakunamizeni, ndimapemphera ine. Minga ndi misomali yaing'ono, inde. Koma chubu chikang'ambika, kapena mwala ukacheka tayala m'mbali, therere silithandiza. Si lamuyaya, ndi lokufikitsani kumene mukupita. Ndipo womata wanu adzakudandaulani, chifukwa chigamba sichigwira pokhapokha atatsuka bwinobwino.” Ndinawauza za lamulo la Bwana Gwaza. Anatambasula manja. “Zimenezo ndiye za inu ndi abwana anu. Ine ndimagulitsa botolo, mtima sindigulitsa.”

Botololo linakhala masiku atatu pansi pa bedi. Ndinali ndisanaphwanyepo lamulo la ofesi, ndipo ndinkadziwa tanthauzo la kubwerera pa kapalasa ndili ndi imvi, mapiri onse aja. Mayi anu ndi amene anadula nkhani. Ankasankha nyemba pakhonde, ndipo osakweza n'komwe mutu anati, “Abambo, njingayo anakupatsani kuti muziisunga kapena kuti muzifika? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene mukugubuduka pa mphasa ndinu, si Bwana Gwaza.” M'mawa mwake ndinakokera njinga kuseri kwa nyumba ngati munthu wotcheza kachasu, ndinafinyira therere m'matayala onse awiri, n'kupukuta valavu kuti pasaoneke kanthu.

Tsiku la Nyenyezi

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wa tsiku limene wapampando anaimba kuti Nyenyezi yayamba kulira kuyambira dzulo madzulo, ndinatuluka ndi chigubu n'kupeza Bwana Gwaza ataima pa ofesi. Anabwera pa minibasi kudzayendera ntchito, chifukwa galimoto ya ofesi inalibe mafuta. Nditawauza kumene ndikuthamangira, anati, “Zakhala bwino. Tipitire limodzi, ndikaone mmene mumagwirira ntchito.” Ndinawapatsa chisoti, anabereka chigubu kumsana, n'kukwera kumbuyo kwanga, pamwamba penipeni pa therere. Ndinachita chizindikiro cha mtanda ndisanalize injini, ndipo iwo anandiyamikira kuti ndine Mkhristu wabwino.

Tinayenda bwino mpaka titadutsa theka la njira. Pa chitsikiro china, pamene ngolo zimadutsa popita kumunda, ndinamva phokoso limene ndinkalidziwa kuposa mawu anu: tswiii! Ndinachepetsa liwiro, tayala likuzungulirabe, ndipo phokosolo linayamba kudukiza, tswi, tswi, kenako zii. Ndisanapume n'komwe, kumbuyo kunamveka mawu. “Imani! A Fabiano, imani! Chikundilavulira n'chiyani?” Nditaima ndinaona mwendo wa buluku la khaki lija uli mathothomathotho obiriwira kuyambira pa bondo mpaka pa nsapato yowala. Bwana Gwaza anatsika, anagwira ndi chala, zinakoka ulusi. Ananunkhiza. Kenako anawerama pa tayala, pamene panali kamsomali kopindika katazingidwa ndi thovu lobiriwira. Anatobwanya tayalalo ndi chala chachikulu. Linali lolimba.

“Ichi n'chiyani?”

“Ndi mankhwala otseka zibowo, bwana. Ndinathira ndine.”

“Ndinanena chiyani pakhonde paja?”

“Munati mpweya wokha.”

“Ndiye bweretsani kiyi.”

Anatambasula dzanja. Ndinayang'ana dzuwa, linali litakwera ndithu, ndipo Nyenyezi inali itatsala ndi maola ochepa. Ana anga, ine ndinakula ndikuvula chipewa kwa aliyense wovala jekete. Koma ndinaika kiyi m'thumba la malaya n'kumanga batani. Ndinati, “Bwana, ndalakwa, ndipo kiyi ndikupatsani lero lomwe. Koma ndikupatsirani ku Mphunzi, ng'ombe ija itathandizidwa. Mayi wamasiye uja ndamuphonyetsa kawiri. Mukafuna kundichotsa ntchito mundichotse masana, m'mawa uno ndikadali a Nkhunzi.” Sindikudziwa kumene mawu amenewo anachokera. Bwana Gwaza anabweza dzanja lawo. Kenako anafunsa funso limene sindinaliyembekezere. “Lifika tayalali?” Ndinapopa kangapo kubwezera mpweya umene unatuluka, ndinati lifika, bola tiyende pang'onopang'ono. Anakwera, mwendo wa therere atautambasulira kutali ngati si wawo.

Tinapeza a Nangozo ataima pa msewu, dzanja pamphumi. Atationa anathamanga kutsogolo kwa njinga akufuula, “Afika! A Nkhunzi afika, abwera awiri!” Amayi a nyumba zoyandikana anasonkhana. Nyenyezi inali ikadali pa nthawi yake, ikulira, yosakhazikika. Ndinaitanitsa madzi ofunda osungunulira mbewu, ndinavala pulasitiki ya m'manja yofika paphewa, koma panalibe mwamuna wogwira mchira, onse anali kudimba. A Nangozo sankadziwa kuti mlendoyo ndi ndani. Anangomuyang'ana n'kunena kuti, “Inu a buluku lothimbirira kale, tabwerani mugwire apa, simuluza kanthu.” Ndinafuna kulowa pansi. Koma Bwana Gwaza anapinda malaya, analowa m'khola, nsapato zija zikumira m'ndowe, n'kugwira mchira ndi manja awiri ngati akugwira mbendera. Ntchito inatha bwinobwino. Amayi analuluta, wina n'kuyambitsa nyimbo ya ukwati, ndipo ndinaona ndi maso angawa Bwana Gwaza akulimbana ndi kumwetulira.

Titasamba m'manja, anatambasulanso dzanja. Ndinawapatsa kiyi. Anati, “Ntchito mumaidziwa, a Fabiano. Koma lamulo likaphwanyidwa ndi munthu wabwino, laphwanyidwabe. Miyezi itatu pa kapalasa.” Ananditsitsa kunyumba, njinga n'kupita nayo ku boma. Mayi anu ataona ndikulowa wapansi anangoti, “Mwafika koma?” Ndinati ndafika. Anati, “Basi, khalani pansi mumwe tiyi.”

Miyezi itatu pambuyo pake

Miyezi imeneyo ndinaonda, mimba yonse inathera m'zitunda, ndipo anthu ankandifunsa ngati nkhunzi yayamba kulima. Koma chimene chinkandisowetsa mtendere si miyendo. Masabata atatu atadutsa, Nyenyezi sinalire. Ena atatu, sinalirenso. Chinali chizindikiro chabwino, koma ng'ombe zina zimangokhala chete zilibe kanthu, ndipo gulu linati silimva za zizindikiro, likufuna dzanja la mlangizi linene. Anapangana tsiku loti ndikaipime pamaso pa onse.

Ndinanyamuka kutangocha, ndinafika thukuta lili kamukamu. Mvula yoyamba inali itagwa, kukununkhira dothi. Pakhomo pa a Nangozo panali anthu ngati pali chinkhoswe. Banja lodikira lija linalipo, ndipo wapampando anali atanyamula chingwe chatsopano cha khonje, chokokera Nyenyezi ngati nkhani ikhale yoipa. A Nangozo anavala chitenje cha kwaya, nkhope ili gwa, osayang'ana munthu. Ndikuvala pulasitiki, tinamva njinga yamoto ikukwera chitunda. Anali Bwana Gwaza, ulendo uno atavala magambutsi. Anaimika njinga, anandiponyera kiyi n'kunena kuti, “Miyezi yakwana. Komanso mchira uja ndinagwira ndine, ndiyenera kumva zotsatira.” Atayandikira anandinong'oneza kuti, “Miyezi itatu, minga iwiri, sindinamasule tayala panjira. Ndinalitsegulitsa dzulo, limu ilibe dzimbiri. Ndalembera akuluakulu kuti aliyese bwinobwino therere lanuli. Musaseke.” Sindinaseke, koma zinali zovuta.

Analowa m'khola osapemphedwa n'kugwira mchira. Ndinalowetsa dzanja. Anthu onse anayandikira khola. Ndinafufuza pang'onopang'ono, maso nditatseka, pakuti pa ntchito imeneyi zala ndi zimene zimaona. Poyamba sindinapeze kanthu. Ndinapita mkati pang'ono, chakumanja, ndipo ndinakhudza thumba lofufuma, lodzaza madzi. Nditaligunda mopepuka ndi nsonga za zala, kanthu kakang'ono kolimba kanayandama n'kubwerera kudzandigunda. Pa zaka zonse za ntchito yanga ndakhudza ana a ng'ombe osawerengeka, koma ameneyo anandigwetsa misozi, mwamuna wamkulu, dzanja lili m'ng'ombe.

“Mayi,” ndinatero, “Nyenyezi ili ndi bere.”

Nthungululu inamveka mpaka kuphiri. Banja lodikira lija ndi limene linayamba kuvina, poti mwana akadzakhala wamkazi ndi wawo. Bwana Gwaza anaiwala kusiya mchira. A Nangozo okha sanalulute. Analowa m'khola, anagwira mzati umene amuna awo anazika, anaweramitsa mutu pamenepo kanthawi, milomo ikuyenda. Kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kutembenuka. Wapampando anali akukulunga chingwe chake mwakachetechete, akubwerera m'mbuyo kuti azembe.

“Apampando,” anaitana a Nangozo, “mukupita nacho kuti chingwecho?”

“Kunyumba, mayi. Chilibenso ntchito.”

“Chisiyeni pompano. Ndidzamangira mwana wa Nyenyezi.”